Tsankho ndi ziwawa ku Johannesburg: ufulu wa mlendo ndi ntchito ya anthu a m'dera

Usiku wa pa 11 Meyi 2008, gulu la anthu ku Alexandra, lokeshoni yakale yoyang'anizana ndi nyumba zitalizitali za ku Sandton, lidayamba kuyenda khomo ndi khomo kusaka anthu ochokera kunja. Pasanathe masabata awiri ziwawazo zidali zitafika ku Diepsloot, ku Tembisa, pakati pa mzinda wa Johannesburg, mpaka ku Durban ndi Cape Town. Anthu 62 adaphedwa, ndipo 21 mwa iwo adali nzika za South Africa zenizeni. Ena adawapha chifukwa cha chilankhulo chawo, ena chifukwa cha maonekedwe, ena chifukwa chokwatirana ndi mlendo. Anthu zikwizikwi adathawira ku polisi ndi m'matchalitchi, ndipo Amalawi ambiri adabwerera kwawo pa mabasi ali chimanjamanja.

Zidachitikanso mu Epulo 2015, kuyambira ku Durban, boma la Malawi n'kutumiza mabasi okatenga anthu ake. Mu Malichi 2019 Amalawi okhala ku Burnwood mu mzinda wa Durban adathamangitsidwa m'nyumba zawo usiku. Mu Sepitembala chaka chomwecho masitolo adawotchedwa ku Jeppestown ndi ku Malvern. Mu Epulo 2022 Elvis Nyathi wa ku Zimbabwe adaphedwa ku Diepsloot ndi gulu limene linkafunsa anthu mapasipoti m'makomo.

Pafupifupi mudzi uliwonse ku Mangochi, Mzimba, Nkhata Bay kapena Machinga uli ndi mwana ku Joni, ndipo njirayi ndi yakale, ya nthawi ya Wenela ndi Theba. Komabe ambiri amene amapita amadziwa mtengo wa basi, dzina la wowalandira ndi kumene kuli maganyu, osadziwa ngakhale ndime imodzi ya malamulo amene angawateteze. Ambiri amakhulupirira kuti munthu amene masiku ake adatha pa pasipoti alibe pakamwa. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo amathandiza wachiwembu kuposa wina aliyense.

Zimene malamulo aakulu a dziko amanena

Malamulo oyendetsera dziko la South Africa, amene adakhazikitsidwa mu 1996, amasiyanitsa maufulu a nzika zokha ndi maufulu a munthu aliyense. Kuvota, kukhala ndi pasipoti ya dzikolo ndi kusankha ntchito mwaufulu ndi za nzika. Koma gawo 9, lonena za kufanana pamaso pa lamulo, gawo 10, lonena za ulemu wa munthu, gawo 11, lonena za moyo, ndi gawo 12, loletsa nkhanza zochokera kwa boma kapena kwa anthu wamba, onsewa amakamba za munthu aliyense amene ali m'dzikomo. Safunsa kumene adabadwira, safunsanso ngati ali ndi pemiti.

Makhothi akhala akutsimikiza zimenezi. Mu 1997, pa mlandu wa Larbi-Odam, khothi lalikulu loona za malamulo a dziko lidagamula kuti kusala aphunzitsi ochokera kunja amene adali ndi chilolezo chokhazikika, chifukwa choti si nzika, ndi tsankho losaloledwa. Mu 2004, pa mlandu wa Khosa, anthu ochokera ku Mozambique okhala ndi chilolezo chokhazikika adapambana ufulu wolandira thandizo la ndalama la boma. Mu Disembala 2019 khothi la ku Makhanda lidagamula kuti mwana asachotsedwe sukulu chifukwa chosowa chikalata cha kubadwa kapena mapepala ena, poti gawo 29 limapereka maphunziro oyambirira kwa aliyense.

Pa za chipatala, gawo 27 limanena mosapsatira kuti palibe amene angakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi. Wobayidwa, wowotchedwa, mayi amene matenda a uchembere amuyamba, onsewa ayenera kuthandizidwa kaye, za mapepala pambuyo. Mu Epulo 2023, bungwe la Section27 litakasuma, khothi la ku Johannesburg lidagamula kuti amayi oyembekezera, amayi oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 azilandira chithandizo chaulere m'zipatala za boma, kaya ndi a dziko liti, kaya ali ndi mapepala kapena ayi.

Tisanamizane apa. Kukhala m'dzikomo masiku 30 amene Mmalawi amapatsidwa pa chipata atatha, popanda chilolezo china, ndi kuphwanya lamulo loona za olowa ndi otuluka la 2002. Boma lili ndi mphamvu yokugwirani, kukutsekerani ku Lindela ku Krugersdorp ndi kukubwezani kwanu. Koma mphamvu imeneyi ndi ya boma lokha, ndipo nayo ili ndi malire. Gawo 35 limati wogwidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chimene akumva, ali ndi ufulu wokhala chete, wopeza loya, ndi wokaonekera ku khothi pasanathe maola 48. Mu 2017 bungwe la Lawyers for Human Rights lidapambana mlandu umene udatsimikiza kuti ngakhale wogwidwa pa nkhani ya mapepala ayenera kuonekera pamaso pa woweruza, osati kungosungidwa pa mawu a ofisala. Musasaine pepala limene simunalimvetse. Pemphani womasulira.

Mlandu wa chidani ndi wotani

Kumenya munthu, kuwotcha sitolo, kuba katundu, kuopseza ndi kupha, zonsezi ndi milandu kale. Zimasanduka mlandu wa chidani pamene wolakwayo wasankha munthuyo chifukwa cha chimene ali: mtundu wake, dziko lake, chipembedzo chake, khungu lake, ulumali wake. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Wakuba akakulandani foni, mwavulala ndinu nokha. Koma gulu likawotcha sitolo ya Msomali likufuula kuti makwerekwere achoke, uthengawo wafika kwa mlendo aliyense wa mumsewu umenewo, ndipo usiku umenewo palibe amene agone.

Kwa zaka zambiri lamulo la South Africa silinkauona mlandu wotere payekha, ndipo atsogoleri ankapezerapo pothawira. Pa 18 Epulo 2015 Emmanuel Sithole wa ku Mozambique, wogulitsa malonda a pamsewu, adabayidwa ku Alexandra m'mawa kutacha, wojambula zithunzi wa nyuzipepala ya Sunday Times, James Oatway, akujambula. Boma lidaumirira kuti udali umbava wamba. Amene adamupha adapezeka olakwa, mmodzi adalamulidwa zaka 17, wina zaka 10, ndipo n'zosakayikitsa kuti zithunzizo ndi zimene zidachititsa kuti mlandu uyende. Ernesto Nhamuave, amene adawotchedwa wamoyo m'dera la mikhukhu la Ramaphosa mu Meyi 2008 anthu ambiri akuonerera, palibe ndi mmodzi yemwe amene adalangidwa chifukwa cha imfa yake. Bungwe loona za ufulu wa anthu la South African Human Rights Commission lidapeza kuti pa milandu pafupifupi 600 ya ziwawa za 2008, yosakwana 100 ndiyo idali itathera poti wina wapezeka wolakwa, ndipo yambiri idangothetsedwa. Mboni zidali zitathawa kapena kubwerera kwawo.

Mabungwe amene adagwirizana pansi pa dzina la Hate Crimes Working Group adalimbana ndi vutoli zaka zoposa khumi, akusonkhanitsa milandu imodziimodzi kuti boma lisamakane. Zotsatira zake ndi lamulo nambala 16 la 2023, lothana ndi milandu ya chidani ndi mawu a chidani, limene Pulezidenti Cyril Ramaphosa adasaina mu Meyi 2024. Mndandanda wa zifukwa zimene lamuloli likutchula uli ndi dziko lochokera, kukhala wobwera kapena wothawa kwawo, chilankhulo, chipembedzo, mtundu, ulumali, kukhala ndi HIV, kugonana kwa amuna kapena akazi okhaokha, ndiponso chialubino, chimene ife a ku Malawi tikudziwa bwino kuwawa kwake. Likulamula makhothi kuwerengera chidanicho popereka chilango, likupatsa wovulazidwa mpata wofotokozera khothi mmene mlanduwo wasokonezera moyo wake, ndipo likulamula apolisi kusunga chiwerengero cha milandu yotere. Mawu a chidani angatengere munthu ku ndende mpaka zaka 5. Koma kusaina kokha sikuyambitsa lamuloli. Lidalembedwa kuti liyambe kugwira ntchito pa tsiku limene pulezidenti alengeze mu Gazette. N'chifukwa chake musadikire lamulo latsopanoli kuti mukadandaule. Malamulo akale ndi okwanira kutsegulira mlandu, ndipo ngakhale kutukwana munthu mawu onyoza mtundu wake ndi mlandu umene makhothi amautcha crimen injuria. Vicki Momberg adalamulidwa kukhala ku ndende mu 2018 chifukwa chotukwana apolisi akuda.

Zikakugwerani

Choyamba ndi moyo. Katundu amagulidwa. Thawirani kumene kuli anthu, imbani 10111, ndipo ngati mwavulala pitani ku chipatala tsiku lomwelo. Pemphani fomu ya J88, imene dokotala amalembapo mabala anu. Popanda fomu imeneyi mlandu wa kumenyedwa umafooka msanga, chifukwa pofika tsiku la khothi zilonda zimakhala zitapola.

Ku polisi, mlandu ukatsegulidwa mumapatsidwa nambala ya CAS, kawirikawiri pa uthenga wa pa foni. Isungeni, mulembenso dzina la wapolisi wofufuza. Popereka sitetimenti pali chinthu chimene anthu ambiri amachisiya chifukwa cha manyazi kapena mantha: mawu enieni amene okumenyaniwo ankanena. Ngati ankati bwerera kwanu, ngati adayamba akufunsani pasipoti, ngati adadumpha sitolo ya mnzanu wa konko n'kuswa yanu, nenani kuti zilembedwe, ndipo wapolisi akuwerengereni sitetimentiyo musanasaine. Mawu amenewo ndiwo umboni woti sudali umbava wamba. Zithunzi, mavidiyo, malisiti a katundu ndi manambala a mboni, zonse sungani, ndipo tumizani kope kwa munthu wina poti foni imatayika.

Wapolisi alibe mphamvu yokana kutsegula mlandu chifukwa ndinu mlendo. Akakana, pemphani kuonana ndi mkulu wa siteshoni. Ngati amene wakumenyani ndi wapolisi, dandaulo limapita ku IPID, nthambi yofufuza apolisi. Kwa amene mapepala ake sali bwino, mantha oti akamugwira pa kauntala pomwepo si opanda pake, ndipo sindingakulangizeni kupita nokha. Yambani mwalankhula ndi loya. Legal Aid South Africa imathandiza osauka kwaulere pa nambala 0800 110 110, ndipo mabungwe a Lawyers for Human Rights ndi SERI ali ndi maofesi ku Johannesburg. Dziwitsaninso ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria kapena nthambi yake ya ku Johannesburg, makamaka ngati wina wamwalira kapena wasowa.

Pali khothi lina limene Amalawi ambiri sadalimvepo, pamene ndi limene lidapangidwira munthu wosauka. Lamulo nambala 4 la 2000, lolimbikitsa kufanana ndi kuletsa tsankho, lidakhazikitsa makhothi otchedwa Equality Court. Amapezeka m'makhothi a majisitireti momwemo. Simulipira kanthu, simukakamizidwa kukhala ndi loya, ndipo kalaliki wa khothi ali ndi udindo wokuthandizani kulemba fomu ya dandaulo. Kumeneko n'kopita nazo nkhani za mwini nyumba amene wakutulutsani chifukwa cha dziko lanu, wa pa kauntala amene wakukanizani thandizo, kapena mtsogoleri amene akuuza anthu pa msonkhano kuti akuthamangitseni. Khothili lingalamule kuti wolakwa asiye, apepese poyera kapena apereke chipukuta misozi. Dziwani kuti si mawu opweteka alionse amene ali mawu a chidani. Pa mlandu wa Qwelane mu 2021 khothi lalikulu lidati mawuwo akhale oti angavulaze kapena kuutsa chiwawa, komanso ofalitsa chidani pa gulu la anthu.

Za ku ntchito ndingonena mwachidule. Mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health, khothi la za ntchito lidagamula kuti wantchito amene pemiti yake yatha akadali wantchito pamaso pa lamulo. Bwana akakuchotsani mopanda chilungamo, muli ndi masiku 30 okadandaula ku CCMA, bungwe lomva mikangano ya mabwana ndi antchito, ndipo n'kwaulere.

Kumene anthu adakana

Apa ndiye pagona nkhani. Ofufuza a ku yunivesite ya Wits, motsogozedwa ndi Jean Pierre Misago, adayendera madera amene kudachitika ziwawa mu 2008 ndi madera oyandikana nawo amene kudali bata. Umphawi udali womwewo mbali zonse, ulova womwewo, alendo ochuluka chimodzimodzi. Kusiyana kudali pa atsogoleri a m'deralo. Kumene kudaphulika ziwawa, kudali anthu odziwika amene adaitanitsa misonkhano, kutchula nyumba zoti zigwetsedwe ndi kupindula pambuyo pake, ena pa ndale, ena potenga mikhukhu ndi masitolo a othawawo. Kumene atsogoleri adaimirira n'kunena kuti kuno ayi, magulu achiwembu adabwerera. Ngakhale mu Alexandra momwemo mudali mbali zimene sizidakhudzidwe. Ziwawazi sizigwa ngati mvula. Zimakonzedwa ndi anthu a mayina, m'misonkhano ya masana, ndipo chifukwa cha chimenecho anthu ena a mayina angathe kuzilepheretsa.

Ku Khutsong, kumadzulo kwa Johannesburg pafupi ndi Carletonville, anthu adali pa mkangano woopsa ndi boma pa nkhani ya malire a zigawo, ndipo aliyense akadayembekeza kuti kumeneko ndiye kuyaka moto. Koma atsogoleri a Merafong Demarcation Forum adauza anthu poyera kuti mkangano wawo ndi wa boma, osati wa anansi awo ochokera kunja, ndipo kudalibe ziwawa. Ku Durban, gulu la anthu okhala m'mikhukhu la Abahlali baseMjondolo lidatulutsa chikalata mu Meyi 2008 chonena kuti chochita cha munthu chingakhale chosemphana ndi lamulo, koma munthuyo payekha sangakhale wosaloledwa, ndipo mamembala ake adateteza alendo m'madera awo. Ku Masiphumelele, pafupi ndi Cape Town, anthu a m'deralo adayenda khomo ndi khomo kutolera katundu wobedwa, adapita kukapepesa kwa othawawo, n'kuwapempha kuti abwerere. Amene adachita zonsezi sadali olemera kapena ophunzira kwambiri. Adali anthu osauka a ku South Africa amene adaika moyo wawo pachiswe, ndipo tikamanena kuti anthu a kumeneko onse ndi a nkhanza timawalakwira.

Pakati pa mzinda, tchalitchi cha Central Methodist pansi pa Bishopu Paul Verryn chidasunga anthu zikwi, ambiri a ku Zimbabwe, akugona m'makonde ndi pa masitepe. Bungwe la Gift of the Givers, limene timalidziwanso kuno kwathu pa nthawi ya kusefukira kwa madzi, lidadyetsa othawa m'misasa. Alendo eni ake adakhazikitsa African Diaspora Forum mu 2008 kuti azilankhula ndi mawu amodzi. Pa 23 Epulo 2015 anthu zikwizikwi adayenda m'misewu ya Johannesburg kutsutsa tsankho, patangopita sabata anthu a ku Durban atachita chimodzimodzi. Ku Wits kudayambikanso ntchito ya Xenowatch, yolemba malo ndi tsiku la chiwawa chilichonse chimene anthu anena, kuti pasakhale wonena kuti sizichitika.

Gulu la Operation Dudula litayamba ku Soweto mu 2021, likutseka malonda a alendo, kenako n'kumaima pa zipata za makiliniki kubweza odwala opanda chitupa cha South Africa, mabungwe a anthu wamba adapanga mgwirizano wa Kopanang Africa Against Xenophobia. Pamodzi ndi Abahlali baseMjondolo, bungwe la ogulitsa m'misewu la South African Informal Traders Forum ndi Inner City Federation, adakasuma ku khothi lalikulu la ku Johannesburg mothandizidwa ndi maloya a SERI. Mu Novembala 2025 khothilo lidagamula kuti wapolisi ndi ofisala wa za olowa ndi otuluka okha ndiwo angafunse munthu mapepala. Lidaletsa gululo kufunsa anthu mapasipoti, kuopseza alendo, kuwatsekereza ku chipatala ndi ku sukulu, kuwatulutsa m'nyumba ndi kuwachotsa pa malonda awo. Lidalamulanso boma kukwaniritsa ndondomeko yake yothana ndi tsankho imene lidakhazikitsa mu 2019. Onani amene adasuma: ambiri mwa iwo ndi nzika, ogulitsa tomato ndi okhala m'nyumba zakugwa za m'tauni, amene adazindikira kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chigamulo choterechi chimagwira ntchito pokhapokha wina akachigwiritsa. Munthu wamba akakuimitsani pa chipata cha kiliniki, musalimbane naye. Lembani tsiku, nthawi, dzina la kiliniki ndi zimene adanena, uzani sisitala wamkulu, kenako dziwitsani apolisi ndi limodzi la mabungwe aja. Maloya sangabwerere ku khothi kukanena kuti chigamulo chikunyozedwa ngati alibe umboni wa anthu enieni.

Mbali yathu

Amalawi ku Joni ndife odziwa kusonkhana. Tili ndi magulu a maliro amene amatumiza thupi kumudzi pasanathe sabata, tili ndi mipingo yathu, madarasa athu, matimu a mpira ndi magulu a pa WhatsApp a anthu a boma limodzi. Koma kusonkhana kwathu kumayang'ana m'kati. Timadziwika ngati anthu ofatsa, osayankha, ogwira ntchito mwakachetechete, ndipo ambiri amaganiza kuti kusaoneka ndiye chitetezo. Usiku wa ziwawa munthu wosadziwika ndi amene alibe womuimira. Mwini nyumba amene mudapita pa maliro a mayi ake, mayi wa pafupi amene ana ake amasewera ndi anu, ameneyo ndiye amakunong'onezani masana kuti lero musagone muno, kapena kuima pakhomo n'kunena kuti uyu ndi wathu.

Choncho gulu lililonse la Amalawi lisankhe anthu awiri kapena atatu oti azipita ku misonkhano ya m'dera. Siteshoni iliyonse ya polisi imayenera kukhala ndi komiti ya anthu ndi apolisi, imene amaitcha CPF, malinga ndi lamulo la apolisi la 1995. Kulinso komiti ya wadi, komiti ya msewu ndi ya makolo pa sukulu. M'malo ena makomiti omwewa ndi amene agwiritsidwapo ntchito kukonza ziwawa, ndipo chimenecho ndi chifukwa chinanso choti mukhalemo: n'kovuta kupangana zogwetsa nyumba ya munthu amene wakhala pa benchi lomwelo. Mukamva kuti kwalembedwa makalata opatsa alendo masiku oti achoke, kapena kwaitanidwa msonkhano wa nkhani imeneyo, kanenani msanga kwa mkulu wa siteshoni, mwa kalata, ndipo musunge kope lodindidwa. Pafupifupi nthawi zonse chenjezo limakhalapo masiku angapo zisanachitike. Phunzirani Chizulu kapena Chisutu cha m'dera lanu. M'busa kapena shehe wanu adziwane ndi anzake a mipingo ndi mizikiti ya eni dera zinthu zisanavute.

Tiyeneranso kumva madandaulo a eni dziko popanda kuvomereza nkhanza zawo. Ulova ku South Africa uli pamwamba pa anthu 30 pa 100 alionse ofuna ntchito, ndipo kwa achinyamata ndi woposa pamenepo. Mnyamata wa ku Soweto akaona bwana akulemba Mmalawi pa theka la malipiro, mkwiyo wake uli ndi gwero, ngakhale waulozetsa kolakwika. Wolakwa ndi bwanayo. Lamulo la malipiro ochepetsetsa, limene lidayamba pa 1 Januwale 2019 ndi R20 pa ola ndipo ndalamayo imakwezedwa chaka ndi chaka, limateteza wantchito aliyense. Tikamalola malipiro a pansi pa lamulo mwakachetechete timadzipweteka tokha ndi kupweteka anzathu. Kulowa m'mabungwe a antchito si zachilendo kwa ife. Clements Kadalie, amene adayambitsa bungwe la ICU ku Cape Town mu 1919, bungwe loyamba lalikulu la antchito akuda m'dzikomo, adali mwana wa ku Nkhata Bay.

Udindo wina ndi wosabisa chigawenga chifukwa ndi mnzathu wa kumudzi. Mmalawi mmodzi akaba kapena akagwirira, amene amalipira ndi onse a mumsewu umenewo. Mlandu ndi wa munthu, osati wa mtundu, koma mawu amenewa amamveka bwino akachokera kwa anthu amene amaperekadi olakwa awo ku polisi. Ndipo amene angathe kukonza mapepala ake akonze, apewe madobadoba ogulitsa zidindo zabodza, poti pemiti yabodza ndi mlandu woposa kutha kwa masiku.

Sindingatseke pakamwa pa za kwathu. Mu Meyi 2023 apolisi ku Lilongwe adagwira anthu othawa kwawo amene ankachita malonda m'matauni, ena n'kuwasunga ku ndende ya Maula pamodzi ndi ana, asanawapititse ku Dzaleka, ndipo panali Amalawi amene adaombera m'manja poti Maburundi achoka. Zifukwa zimene zinkanenedwa m'misika yathu ndi zomwe zija amatinenera ku Diepsloot: akutilanda malonda. Gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko lathu nalonso limaletsa tsankho la mtundu ndi la dziko lochokera.

Achibale otsala kumudzi nawonso ali ndi gawo, makamaka pa foni. Nthawi iliyonse ku Joni kukavuta, pa WhatsApp ndi Facebook pamadzaza mavidiyo a anthu akuwotchedwa ndi nyumba zikuyaka. Mu 2019 ambiri mwa mavidiyo otere adapezeka kuti adali akale kapena a m'mayiko ena, koma adali atautsa kale mkwiyo mpaka masitolo a makampani a ku South Africa adaswedwa ku Lagos ndi ku Lusaka, kumene ogwira ntchito ndi eni dziko omwewo. Mukalandira vidiyo yotere, imbirani kaye m'bale wanuyo mumve kumene ali ndi zimene akuona ndi maso ake. Mufunseni ngati ali ndi kope la pasipoti yake pa foni, ngati gulu lake lili ndi nambala ya loya, ndi kumene adapangana kukakumana zinthu zikavuta usiku. Inunso sungani kope la pasipotiyo, adiresi ya kumene amakhala ndi nambala ya munthu wina amene amamudziwa, chifukwa ofesi ya kazembe ikamafufuza munthu wosowa imayambira pa zimenezo.